Amene Amadziwa Njira

Aliyense amene amakwera maminibasi a msewu wa kunyanja anawaonapo. Chikwama chachikulu kumsana, china chaching'ono pachifuwa, nsapato zokwerera mapiri zikulendewera pachingwe, khosi litafiira ndi dzuwa. Akafika pasiteji amafunsa mtengo kwa anthu awiri atatu asanakwere, kuopa kuti kondakitala angawadyere masuku pamutu. Akakwera amapanikizana nafe anayi pampando wa anthu atatu, chikwama pamiyendo, dengu la tomato la mayi wina pamapazi. Ena amawatchula kuti azungu osauka, ngakhale si onse azungu: alipo ochokera ku Japan, ku Korea, ku Brazil, enanso ku South Africa. Ambiri amakhala ali paulendo wautali wochokera ku Nairobi kapena ku Dar es Salaam kulowera ku Cape Town. Dziko lathu amalilowera pa Songwe n'kukatulukira ku Mchinji, ku Dedza, ku Mwanza kapena ku Muloza, ndalama akuziwerengera tsiku ndi tsiku.

Ndakhala ndikucheza nawo anthu amenewa m'mabasi, m'malo ogona otchipa ndi m'tinyumba ta paphiri. Ukawafunsa chimene adzakumbukire akabwerera kwawo, amayamba ndi malo: mathithi, chilumba, nsonga ya phiri. Koma nkhaniyo isanapite patali mumatulukira munthu. Mnyamata amene anawasonyeza polowera kuphanga. Bambo amene anawasunthira pamkeka m'sitima. Mlonda amene anawafunditsira madzi osamba. Mlendo wandalama amatengedwa pabwalo la ndege n'kukatsitsidwa pakhomo la hotela, magalasi a galimoto ali chitsekere, ndipo akhoza kuzungulira dziko lonse osafunsako munthu njira. Wachikwama sangakwanitse zimenezo. Kuchepa kwa m'thumba mwake ndi kumene kumamupereka m'manja mwa anthu wamba, ndipo ndikhulupirira kuti zabwino zonse zimene amakasimba kwawo zimachokera pamenepa.

Akangolowa kuchokera kumpoto, ambiri amatsika pa Chitimba n'kukweza maso. Livingstonia ali pamwamba, ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894 malungo atawazunza ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Msewu wakale wa Gorodi uli ndi makona pafupifupi 20 pamtunda wa makilomita 15, ndipo amene safuna kudikira matola amauyamba wapansi m'mamawa kusanatenthe. Chakumtunda kuli mathithi a Manchewe, madzi akugwa mamita 125, ndipo kuseri kwa madziwo kuli phanga limene anthu ankabisalamo m'masiku a nkhondo zakale. Kanjira kopita kumeneko n'kovuta kukapeza wekha. Amakutsogolera ndi achinyamata a pamudzipo, akukuuza muzu woti ugwire ndi mwala woti usaponde.

Ku Nkhata Bay nkhani imakhala ya Ilala. Sitimayi inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Kwa zaka zambiri yakhala ikuyenda pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, ikuima m'madoko monga Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Alendo a chikwama amakonda tikiti ya pamwamba, pamene amayala timatiresi tawo topyapyala n'kugona kunja kukuwomba mphepo. Kunsi n'kumene kuli eni ulendowo: amayi ndi matumba awo a ufa, madengu a usipa wouma, malata, njinga, makireti a zakumwa, nkhuku zomangidwa miyendo.

M'madoko ambiri mulibe pokocheza, choncho sitima imaima patali ndipo anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Ntchito imeneyi ndinaionerera usiku wina ku Chizumulu, mwera ukuwomba. Boti linkakwera ndi funde mpaka kufanana ndi khomo la sitima, kenako n'kutsika, n'kukweranso. Wantchito wa m'sitima anaima pakhomopo, dzanja limodzi litagwira chitsulo, linalo likulandira anthu. Sankapupuluma. Ankadikira funde lake, n'kunena kuti, "Tsopano, amayi!" mayiyo n'kuponda. Khanda linadutsa m'manja mwa anthu angapo lisanafike kwa make, osalira n'komwe. Itafika nthawi ya mtsikana wina wachilendo, miyendo yake inkanjenjemera ndipo anakakamira chitsulo ndi manja onse awiri. Bamboyo anamulanda chikwama n'kuchiponyera m'boti, anadikira mafunde awiri kudutsa, kenako anati, "Tsopano, achemwali!" Chinenerocho mtsikanayo sankachimva, koma anaponda.

Kwa mlendo, usiku wotere ndi nkhani yokakamba kwawo mpaka kukalamba. Kwa munthu wa pachilumba ndi msewu wopitira kuchipatala chachikulu, kusukulu, kumaliro, kokapikula katundu wa muokala. Anthu awiriwa amakwera sitima imodzi, ndipo mlendo wanzeru amazindikira msanga kuti iye ndiye wapemphako malo. Amene wazindikira zimenezi umamuona: amafunsa asanajambule munthu, amatsikira kunsi kukadya nsima ya ufa woyera ndi nsomba pamodzi ndi anzake apaulendo, ndipo akafika ku Likoma amakhala atapeza kale womuperekeza kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter, chimene anayamba kumanga mu 1903.

Kum'mwera kwa nyanja kuli mudzi wa Chembe, umene alendo amaudziwa ndi dzina loti Cape Maclear. Mudziwu uli mkati mwa Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba. Nyanja yathuyi ili ndi mitundu yambiri ya nsomba kuposa nyanja ina iliyonse yamadzi opanda mchere, ndipo yochuluka mwa mitunduyo sipezeka kwina kulikonse. Kuti uzione sipafunika chuma. Umangobwereka galasi losambirira ndi kapaipi kopumira, n'kukwera boti kupita kuchilumba cha Thumbi kapena kuyenda wapansi kukafika ku Otter Point. Ukangoviika nkhope m'madzi mbuna zimakuzungulira, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zikudya ndere pamiyala. Nsomba zambiri za banja limeneli zimasungira mazira ndi ana awo m'kamwa. Ndinaonapo ina yokulirapo ikuyang'anira tiana take titabalalika pamwamba pa mwala. Nditasendera pafupi inangoyasamula, tonse thithithi kulowa, iyo n'kutembenuka n'kumapita masaya atatupa.

Amene amakutengera kumeneko ndi anyamata a m'mbali mwa nyanja, anthu amene amanyozedwa kwambiri. N'zoona kuti ena amaumiriza, amakutsata kuyambira m'mawa ndi mikanda ndi zibangili. Koma mnyamata yemweyo ndi amene amaimba mluzu nkhwazi n'kunyamuka mumtengo kudzawakha nsomba imene waponya pamadzi. Ndi amene amayang'ana kum'mwera n'kunena kuti tibwerere, nyanja iyamba kuvuta, iwe ukuona kuli bata. Amadziwa gombe limene kumabwera mvuu ndi limene osamba ayenera kusamala ng'ona. Usiku alendo amakhala pamchenga n'kumajambula nyali za asodzi zitandandalika panyanja, ndipo ndi zokongoladi. Koma ukafunsa mnyamatayo amakufotokozera kuti nyali iliyonse ndi munthu ali pantchito: siginala ali m'bwato mwake kukopa usipa ndi kuwala, alovi akudikira kuponya chilimira, ndipo m'mawa amayi adzakhala ali pathandala kuyanika. Ndi iyenso amene amakukumbutsa za likodzo, kuti malo a mabango ndi nkhono ndi oyenera kuwapewa, ndi kuti mankhwala a praziquantel alipo. Mlendo amamwa kamodzi n'kuiwala. Mwana wa m'mudzimo amabwerera m'madzi omwewo mawa lake.

Koma kumene nkhaniyi imaonekera poyera ndi ku Mulanje. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 2025 UNESCO inalilemba nalonso pamndandanda uja, poona mmene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalilemekezera ngati malo a mizimu ya makolo. Nsonga yake yaitali, Sapitwa, ndi mamita 3,002, ndipo m'dziko muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Pamwamba pali zigwa zaudzu, mitsinje yozizira ndi tinyumba togona alendo: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu. Munthu akhoza kuyenda sabata yathunthu kuchoka kanyumba kena kupita kena. Chakudya umanyamula wekha, mpunga, ufa, soya, usipa, masamba a tiyi ndi shuga, ndipo pakanyumba paliponse pali mlonda amene amasamala malowo, kutunga madzi ndi kukoleza moto. N'chifukwa chake phirili limakondedwa ndi anthu oyenda ndi ndalama zochepa.

Ambiri amayambira ku Likhubula. Njira ya Skyline imangolunjika kumwamba, yosanyengerera, ndipo ya Chapaluka imatsata mtsinje n'kudutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba, pamene obwerera amakonda kusambapo. Pa Likhubula pomwepo mpamene mlendo amakumana ndi anthu awiri amene ulendo wake wonse udalire: womuperekeza ndi womunyamulira katundu.

Ndimafuna anthu atamuona bwino munthu wonyamula katunduyu. Chikwama chija chinasokedwa kuti chizikhala kumsana, ndi malamba ake a m'chiuno ndi a pachifuwa, koma iye nthawi zambiri amangochinyamula n'kuchiika pamutu, pankhata ya juzi lake. Kumapazi kuli nsapato zapulasitiki kapena matenesi amene mlendo wina anamusiyira. Amakusiya upite patsogolo, iye n'kutsala akumanga kathumba kake ka ufa. Pakapita ola limodzi umamva mapazi kumbuyo, "Zikomo, bwana, tidutse nawo," n'kukupitirira pamalo pamene iwe ukukwera chogwira ndi manja. Ukafika pakanyumba miyendo ikukana, umamupeza wakhala pamwala, wathandizana kale ndi mlonda kuwaza nkhuni, ketulo ili pamoto. Kwawo ndi kumunsi kwa phirilo. Ali ndi kamunda ka chimanga ndi nandolo, mwina nanazi, ndipo ntchito ya paphiri imabwera mwa apo ndi apo, makamaka kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Anthu ofuna ntchitoyi ndi ambiri kuposa alendo, choncho amadikirana, ndipo ulendo umodzi ukamudutsa sadziwa kuti wina udzabwera liti.

Woperekeza uja ntchito yake sioneka kunja kukawala. Njira imakhala ikuoneka, ndipo mlendo amayamba kuganiza kuti akulipira munthu wongoyenda naye. Ntchito yake imaoneka chiperoni chikabwera. Mtambo umenewu umachokera cha ku Mozambique, ndipo paphiri umatsika mwadzidzidzi ngati wina wakufunditsa bulangete lonyowa. Mnzako amene ali mapazi khumi patsogolo sumuonanso, miyala imayamba kuterera, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira moti manja amalephera kumanga chingwe cha nsapato. Njira yopita ku Sapitwa kuchokera pa Chisepo ilibe fumbi loti utsate mapazi. Ndi matanthwe otsetsereka, mipata yokwawa pansi pa miyala ikuluikulu, ndi tizizindikiro tautoto timene m'nkhungu sitioneka. Woperekeza akayang'ana kumwamba m'mamawa n'kunena kuti lero ayi, mawu amenewo ndi amene unalipirira.

Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, wazaka 28, anafika ku Mulanje chakumapeto kwa ulendo wa pafupifupi chaka chathunthu. Anali munthu wophunzira za chuma, wokonzeka kukapitiriza maphunziro ake ku Los Angeles pa nkhani za umphawi, ndipo ankayenda monga amayendera anzake a chikwama: kugona m'nyumba za anthu, kudya zimene eni nyumba akudya. Atatsala pang'ono kufika pa Sapitwa anamusiya womuperekeza n'kupitirira yekha. Nyengo inasintha. Anamufunafuna kwa masabata, ndipo thupi lake linapezeka mu Ogasiti, atamwalira ndi kuzizira. Mnzake Fellipe Barbosa anadzapanga filimu ya ulendowo, Gabriel and the Mountain, imene inatuluka mu 2017, ndipo anthu ambiri amene anakumana ndi Gabriel m'njira anasewera okha mbali zawo. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, mu 2003, mtsikana wina wa ku Netherlands anasowanso paphiri lomweli atakwera yekha. Nkhani ya Gabriel imandikhudza chifukwa sanali munthu wonyoza anthu akuno. Ankawakonda. Anali ndi changu, masiku a ulendo wake anali atatha, ndipo anakhulupirira miyendo yake.

Akuluakulu a kumeneko amati phirilo lili ndi eni ake. Amanena kuti ukapeza chakudya chokonzakonza m'njira, nthochi zakupsa kapena nsima yotentha, udye wekha mwakachetechete osaitana mnzako, ndipo kuti pali malo amene supita modzikuza. A zankhalango amati ndi nkhungu, chisanu ndi matanthwe. Ine sindiona chifukwa chowakanganitsira, pakuti onse amafika pa mawu amodzi: usakwere wekha, ndipo umvere amene anabadwira pamenepo. Mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 inagumula mbali zina za phirili, Napolo n'kutsika ndi miyala ndi mitengo kukwirira midzi ya ku Mulanje ndi ku Phalombe. Zipsera zake zikuonekabe ukamadutsa pamsewu. Mapu akale sangakuuze pamene madzi anakokolola njira. Angakuuze ndi munthu amene anadutsapo sabata yatha.

Apa ndiye pali chimene chimandipweteka. Mitengo ya operekeza ndi onyamula katundu ndi yoikika kale, koma pali alendo amene amafika n'kuyamba kunenerera monga amachitira pogula chitenje mumsika. Ena amaphatikiza katundu wa anthu awiri m'chikwama chimodzi kuti alipire munthu mmodzi. Ena amafunsa ngati angakwere okha, poti njira ili mufoni. Ndimamvetsa kuti munthu woyenda miyezi isanu ndi umodzi amawerengera tambala iliyonse, ndipo n'zoona kuti m'njira amakumana ndi anthu owakwezera mitengo chifukwa cha khungu. Koma malo opulumutsira ndalama alipo ambiri. Gona mutenti, idya chipisi cha pachiwaya, kwera matola ndi kabaza, sambira m'nyanja imene palibe amakulipiritsa. Ndalama imene ukuchotsa pamalipiro a wonyamula katundu kwa iwe ndi ya zakumwa za madzulo amodzi kunyanja, koma kwa iye ndi mbali ya thumba la feteleza kapena fizi ya mwana. Ulendowu umatchipa kale chifukwa pali munthu amene wasenza gawo lolemera pamtengo wochepa. Kumupanikizanso munthu ameneyo si kuyenda mwanzeru.

Chimodzimodzinso timabokosi tonunkhira ta mkungudza timene timagulitsidwa kumunsi kwa phiri. N'totchipa, n'tokongola, ndipo timalowa bwino m'chikwama. Koma mkungudza wa ku Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha itatsala. Macheka ndi moto wolusa zinamaliza ina yonse. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akudzala mbande zikwizikwi, ndipo ukamayenda pamwamba umaziona zikuyesetsa pakati pa udzu. Wosema bokosiyo sindimuweruza, ali ndi ana ofuna kudya. Koma mlendo amene akufuna kusiya ndalama yake m'mudzimo ali ndi njira ina: atenge wonyamula katundu wachiwiri, agule nanazi ndi mapeyala pamsewu, amuwonjezere mlonda wa pakanyumba.

Ndakamba za alendo ochokera kutali, koma m'maganizo mwanga muli ife eni. Kwa zaka zambiri tinkaona kukwera phiri popanda chokatengako ngati zochita za azungu. Munthu wobadwira ku Blantyre ankatha kukalamba akuliona phiri la Mulanje chapatali osapondapo, wa ku Lilongwe n'kumapita kunyanja kukangowotcha nyama pafupi ndi galimoto. Zimenezi zikusintha. Loweruka m'mawa tsopano umakumana ndi magulu a achinyamata pa Michiru, pa Soche, pa Nkhoma, pa Bunda, ndi pamwamba pa Zomba akufunafuna Chingwe's Hole ndi mathithi a Williams. Amasonkherana ya minibasi, amanyamula buledi ndi sobo, ndipo ena mwa iwo afika kale pa Sapitwa. Zimandisangalatsa kwambiri. Ifeyo tili ndi mwayi umene wa ku Brazil alibe: sitifuna chitupa, chinenero ndi chathu, ndipo madzulo pamoto tikhoza kucheza ndi woperekeza mpaka nkhuni kutha, n'kumva nkhani zimene mlendo amangomva theka lake. Koma chiyeso chonenerera chija chimatigwiranso ife, mwinanso kuposa, poganiza kuti wakwathu sangatilipiritse mtengo wa azungu. Phiri silichepa msinkhu chifukwa wakwera ndi Mmalawi, ndipo chikwama chathu chimalemera chimodzimodzi pakhosi pa wosenzayo.

Amene angathe kusankha nthawi yopitira ku Mulanje, ndimamulangiza Julayi, ngakhale kumazizira. Mwezi umenewu kumachitika mpikisano wa Porters Race, umene unayamba ngati wa onyamula katundu okhaokha koma tsopano amalowa aliyense, amayi ndi abambo, akuno ndi akunja. Amanyamuka pa Likhubula, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa pamwamba kulowera ku Lichenya, n'kutsikiranso pa Likhubula, mtunda wopitirira makilomita 20. Alendo ambiri njira imeneyi amaiyenda masiku awiri kapena atatu. Otsogola pa mpikisanowu amaimaliza maola atatu asanakwane, ena ali ndi nsapato zosayenera n'komwe kuthamangira, ndipo mudzi wonse umakhala uli kumunsi kuwadikira, ana akuthamangira kukawachingamira, amayi akululutira ndi kutchula aliyense dzina lake akamatulukira m'mitengo.